Mano a pa Chinkhoswe cha Tadala

Lolemba

Amene anayamba kundiuza za ufa womeretsa mano ndi Che Amidu, mnzanga wosoka maukonde padoko pathu pano. Ndikulemba dzina lawo koyambirira kwenikweni kuti zikayenda bwino ndisadzaiwale womuthokoza. Anandionetsa pafoni yawo: agogo ena m'kamwa muli pululu ngati nkhokwe ya mu Febuluwale, kenako agogo omwewo akusenda nzimbe ndi mano. Ufa wa Mano Pompo! Che Amidu akuti ukanabwera kale sakanavutika ndi mano oikirira aja amagona m'kapu.

Ine dzino latsala limodzi. Lam'munsi, chakumanzere. Limagwedera, koma ndi lokhulupirika.

Loweruka kuli chinkhoswe cha Tadala, mwana wa malemu mlongo wanga, amene ndamulera ndekha kuyambira akukwawa. Nkhoswe ndine. Ndipo mawu onse akatha, nkhoswe imaimirira pamaso pa anthu, kugwira nkhuku yootcha pamodzi ndi nkhoswe ya kuchimuna, kuluma, kutafuna, kumeza. Ukwati umamangidwa pamenepo. Osati kunyambita. Kuluma!

Mng'ono wanga Yobe mano ali nawo onse, ena osafunikira n'komwe. Akuti, "Achimwene, pumani. Unkhoswe mundisiyire ine, inu muzikangoomba m'manja." Yobe ameneyu, nthawi imene Tadala anadwala chikuku anali kuti? Ku bawo.

Botolo ndili nalo kale, ndipo laulere. Adokotala a kampani ya ufawo anafika padoko sabata yatha, suti, chikwama, nsapato zosongoka zikumira mumchenga. Ankafuna munthu wodziwa kuyankhula, doko lonse linaloza kwa ine. Akuti, "Madala, inu mungofotokoza pakanema mmene mano anu amerera." Ndinati sanamere. Akuti, "Amera, inu mungotsogozako mawu." Ndinaona kuti palibe cholakwika. Asodzi nawo amalonjeza amayi usipa bwato lisanachoke pamtunda.

Ndiye ndinayankhula. Ambuye, ndinayankhula! Ndinati loyamba linatuluka ngati chimanga pambuyo pa mvula yoyamba. Ndinati ndinaluma supuni n'kupindika. Ndinati galu wa a neba anandiona n'kuthawa. Mpaka adokotala anati, "Basi madala, batire."

Dongosolo:
kupaka m'mawa, masana, madzulo
osamwa zotentha
osauza Yobe
Lachinayi kukatenga botolo lachiwiri paboma. Loyambali ndi lofewetsa usinini. Lachiwirilo ndiye lotulutsa.

Ndapaka. Ukununkha ngati chigayo chosakaniza ndi sopo. Usinini wasanduka wobiriwira. Nankhoma, mayi a kunyumba kuno, akuti ndikuoneka ngati mbuzi yomwe yadya bonongwe.

Lachiwiri

Ndatchuka!

Kanema watuluka. Ali mufoni ya aliyense, kuyambira kuno mpaka ku Khombedza. Che Amidu abwera nayo foni chothamanga, singano ya ukonde ili m'manja. Ndine ndemwe, malaya anga a mizeremizere, mawu anga, bwato la a Saidi kumbuyo. Koma m'kamwa! Andiikamo mano ndi makina awo. Oyera mbee, aakulu, ondondozana bwinobwino mpaka kumakutu. Ndayesa kuwawerenga ndasokonezeka, akuoneka ochuluka kuposa a munthu. Pomaliza pakubwera kamwa loluma nzimbe, lili ndi ndevu zakuda. Ine ndevu zanga ndi zoyera kuyambira nthawi ya chipani chimodzi.

Pamwamba alembapo: AGOGO A KU SALIMA AMERA MANO ONSE! MADOKOTALA ADABWA!

Ndaonera kangapo. Kunena zoona andikhala. Ndadziwiratu mmene ndidzaonekere Loweruka.

Vuto ndi anthu. Amayi awiri ogula usipa afika pakhomo, akuti tingoonako pang'ono agogo. Wa kabaza waimika njinga pampanda, akusuzumira. Mphunzitsi wina wopuma ntchito wabwera ndi tochi masana dzuwa likuswa mtengo. Nditsegule bwanji pakamwa pamene ntchito ili m'kati? Ndangotseka milomo, kumagwedeza mutu ngati munthu wodziwa zinthu. Ndalankhula ndi manja tsiku lonse. Ine! Nkhani zitatu zandifikira pakhosi n'kubwerera m'mimba. Ina inali yabwino kwambiri, ya ng'ona imene inaba wailesi.

Nankhoma akuti chikwatiwire sanamvepo mbalame zikulira pakhomo pano. Akuti ufawo ndiugule wa chaka chonse.

Yobe wadutsa akutafuna chimanga chokazinga. Dala. Waima pafupi ndi khutu langa. Kukuru, kukuru, kukuru. Akuti, "Ndakuonani pafoni achimwene. Tamwetulirani." Ndamuyang'ana ngati sindikumudziwa.

Galasi: palibe kanthu. Koma kumanja kukuyabwa. Kuyabwa ndi chizindikiro.

Lachitatu

Lagwa.

Dzino langa lija. Ndimapaka ufa mwaulemu, chala chikungodutsa pambali, ndangomva kuti gwa m'beseni. Latumikira maboma onse dzino limeneli. Linadya chambo nthawi imene chambo chinali cha anthu wamba. Ndaliyang'ana m'manja, kamtima kachita zii.

Kenako ndaganiza bwino. Likupereka malo! Nyumba yatsopano samanga yakale ili chiimire pomwepo. Ndaliponya padenga monga tinkachitira tili ana, lagubuduzika pamalata, lagwera m'ndowa ya Nankhoma. Akuti, "Ngakhale denga lalikana."

Ndayimbira adokotala kuwauza nkhani yabwinoyi. Foni ikuti nambala imeneyi siikupezeka. Madokotala amatanganidwa.

Masana wailesi ya pa thandala loyanikira usipa yanena zinthu. Ndinali pomwepo, milomo yotseka. Akuti bungwe loona za ufulu wa ogula lapita kukhothi lalikulu ku Lilongwe, ndipo khothi lapereka chiletso. Kampani ya Mano Pompo isiye kutsatsa, ichotse makanema onse pa intaneti, isagulitsenso ngakhale supuni imodzi mpaka mlandu utazengedwa. Akuti malamulo salola kunamiza ogula. Akuti muufamo apezamo choko, mchere ndi masamba osadziwika. Akuti makamaka kanema wa "mkulu wina wa ku Salima".

Mkulu wina! Thandala lonse latembenuka. Usipa wokha ndiwo sunandiyang'ane.

Zimene zikundipweteka:
sananditchule dzina
ayesa botolo loyamba, lofewetsa. Lotulutsalo aliyesa?
sanandifunse
akanadikira Lolemba

Akuti akuteteza ogula. Ine sindinagule. Akunditeteza kwa yani, kwa mano anga omwe? Munthu wafewetsa usinini, wachotsa chotchinga, msewu wakonzeka, ndiye woweruza amene ali ndi mano ake onse akuti galimoto isadutse!

Koma ndakhala ndikumvera wailesi zaka zonsezi, sindinamvere chabe. Dziko lino chiletso chili ndi mankhwala ake. Wina akatenga chiletso, mnzake amakatenga chiletso choletsa chiletsocho. Andale amatero. Amipingo amatero. Ampira amatero. Ine ndilekerenji? Mawa paboma.

Nankhoma akuti, "Mukapite ndi phala m'botolo, kumeneko kulibe chimene mungadye."

Lachinayi

Jekete. Chipewa. Masiki ya nthawi ya kolona ija, ndaipeza m'thumba la mbewu.

Mu minibasi kondakitala akuseka yekha ndi foni. Ndasuzumira. Ndine! Khothi linati achotse, kampani inachotsa, koma ana a anthu anasunga kale. Tsopano aikamo ng'oma. Mawu anga akubwerezabwereza, "supuni n'kupindika, supuni n'kupindika, pindi pindi pindika," minibasi yonse ikugwedeza mapewa. Mayi wina pambali panga akuti, "Ndikanakumana nawo agogo amenewa ndikanawatsina. Apongozi anga akhala akudya choko chifukwa cha iwowa." Ndavomereza ndi mutu kuti ndi oipadi.

Shopu ya Mano Pompo ndi yotseka, loko wamkulu ngati mutu wa kampango. Pakhonde pali anthu. Amuna, akazi, ena achokera kutali ndi mikeka. Aliyense akatsegula pakamwa, kubiriwira. Sindinadziwe kuti boma la Salima lili ndi anthu opanda mano ochuluka chonchi. Tikanakhala ogwirizana tikanayambitsa chipani. Mlonda akuti adokotala anachoka usiku wa Lachiwiri, anatenga ndi mpando womwe. Ndafunsa za botolo lachiwiri, mawu ndasintha. Akuti, "Lachiwiri lake liti? Thumba linali limodzi, ankangosintha mapepala."

Mlonda sadziwa za mankhwala.

Kukhothi ndapeza mayi kalaliki, wamagalasi, waulemu wake. Ndawauza kuti ndabwera kudzatenga chiletso. Akuti choletsa chiyani. Ndati choletsa chiletso, cha masiku ochepa chabe, chingofika Loweruka madzulo. Ndawafotokozera zonse: Tadala, chikuku, Yobe, bawo, nkhuku. Ndafotokozanso za malemu mlongo wanga ndi mmene anabadwira Tadala m'bwato, poti nkhani siyambira pakati. Anthu a pamzere anayamba kukhala pansi.

Akuti choyamba, chiletso sichiperekedwa pawindo ngati sitampa. Chachiwiri, nkhaniyo ili kukhothi lalikulu, ifunika loya. Chachitatu, ine sindine kampani. Akuti, "Chiletsochi chaikidwa kuti anthu ngati inuyo asapitirire kupwetekeka pamene mlandu ukudikira." Ndati ine ndikufuna kupitirira. Akuti lamulo sililola. Ndati nanga chiletso choletsa Yobe? Avula magalasi.

Kenako akuti, "Bambo, tatsitsani masikiyo." Ndatsitsa. Akuti, "Tamwetulirani." Ndamwetulira. Aitana anzawo a muofesi ina. Abwera ndi wapolisi yemwe, osati kudzandimanga, kudzangoona. Atenga nambala yanga, akuti a bungwe lija akufunafuna mkulu wa mu kanema kuti akhale mboni.

Ndati mboni ndiye ntchito yanga, ndikhoza kuyankhula kuyambira m'mawa. Akuti sipadzafunika kuyankhula kwambiri. Kungotsegula pakamwa.

Phala ndamwera kuseri kwa depoti.

Lachisanu

Galasi: usinini wokhawokha, wobiriwira, wosalala ngati bwalo la mpira.

Yobe waitanitsa abale pansi pa mtengo wa mango. Akuti banja lachita manyazi. Akuti akuchimuna ndi alimi a ku Chitala, anthu aulemu, sangalandire nkhoswe yovinidwa m'maminibasi. Kuti atsimikize, watenga fupa la mbuzi n'kuliphwanya ndi mano pamaso pa aliyense. Azakhali awiri anaomba m'manja.

Ine ndinali ndi mayankho, koma ndisanayambe Tadala waimirira. Mwana wofatsa uja. Akuti, "Amene anandiperekeza kusukulu tsiku loyamba ndi amalume aakuluwa. Anayankhula ndi ahedi mpaka belu lotulukira. Nkhoswe yanga ndi iwowa. Kaya aluma bwanji, akadziwa okha."

Ndinayang'ana kunyanja. M'maso munalowa kamchenga.

Akadziwa okha. Chabwino.

Ndadikira Che Amidu atuluke kumzikiti. Ndawakumbutsa mwaulemu kuti nkhani yonseyi anayambitsa ndi iwo. Akana. Ndawakumbutsanso, motalikirapo. Pofika pa nkhani ya chaka cha njala chija anati, "Basi, basi, tengani!" Mano oikirira, am'mwamba ndi am'munsi, andibwereka tsiku limodzi.

Malamulo awo:
abwerere Loweruka lomwelo
osawaika m'thumba limodzi ndi fodya
osaluma nawo nyama yosachinja mwachisilamu. "Wallahi, mano amenewa chigulireni sanakhudzepo haramu." Nkhuku ya chinkhoswe achinja okha m'mawa.

Ndawayesa kunyumba. Che Amidu nsagwada zawo ndi zazikulu ngati za mvuu. Ndikawaika, milomo siikumana, ndikuoneka ngati ndakondwa ndi maliro. Ndikati ndiyankhule, am'mwamba akutsika okha kudzamvera. Ndayesa kunena kuti "akuchimuna takulandirani", ndafika pa "taku" manowo n'kugwera pamphasa. Nkhuku inafuna kuthawa nawo.

Ndiye zaoneka kuti n'zosankha: kuyankhula kapena kuluma. Zonse pamodzi ayi.

Dongosolo latsopano: mawu onse ndiyankhula wopanda mano, maikolofoni itatseka pakamwa. Nkhuku ikamabwera, ndikhosomola, nditembenuka, ndiika. Kuluma kamodzi. Kutembenuka, kuchotsa. Ndayeserera ndi chinangwa chophika, zatheka kawiri.

Ndapempha Nankhoma asankhe kankhuku kanthete. Akuti kanthete ndi ka alendo wamba, pa chinkhoswe pafunika nkhuku yooneka. Agwira tambala wakuda uja. Tambala amene anapulumuka chitopa, agalu ndi Khirisimasi zingapo. Amene amathamangitsa ana a sukulu!

Loweruka

Ndilembe bwinobwino.

Anthu anadzaza. Akuchimuna anafika palole, akuimba. Nkhoswe yawo ndi a Gawanani, mkulu wamtali, wouma ngati mtengo wa m'dambo, atavala masiki. Akuti chimfine. Sanayankhule zambiri, ankangong'ung'udza, mphwawo n'kumamasulira. Koma maso! Kuyambira pamene anatsika lole, maso ali pa ine.

Mawu ndinayankhula. Pamenepo palibe angandinene. Maikolofoni pamlomo, ndinayambira kumene anachokera makolo athu, ndinadutsa pa kubadwa kwa Tadala m'bwato, ndinafika pa chikuku, amayi akupukuta misozi. A emusi anandikoka jekete katatu. Kubisa mkwatibwi m'zitenje kunayenda bwino, mnyamata anamupeza Tadala wake osaphonya. Khasu, nkhwangwa, lichero, mthiko, zonse zinaperekedwa.

Kenako mbale. Tambala uja ali chagada, wakuda kuposa mmene analili wamoyo.

Ndinakhosomola. Ndinatembenuka. Ndinaika. Potembenukanso anthu anakuwa, "Ameradi! Ameradi!" Wa zoimbira, mwana wopanda mwambo, anaika pindi pindi pindika.

Tinagwira tambala, ine uku a Gawanani uko. Kukoka. Kukoka. Ntchafu inathothoka ine n'kutsala pang'ono kugwera azakhali. Ndinaikweza kuti onse aione. Ndinayang'ana Yobe. Ndinaluma.

Kulowa analowa. Kutuluka ndiye ayi. Ndinakoka ntchafu, mutu kumbuyo, ndinangomva mphepo m'kamwa. Mano a mbali zonse ziwiri, am'mwamba ndi am'munsi, atsala pantchafu, ataigwira ndithu ngati galu.

Ngakhale wa zoimbira anazimitsa.

Tsono mwambo umati ukaluma umapatsira mnzako. Dzanja linangochita zimene linazolowera. Ndinawapatsa a Gawanani ntchafu ndi mano ake omwe.

Anaiyang'ana. Anandiyang'ana. Anatsitsa masiki pang'onopang'ono.

Kubiriwira!

Akuti, "Supuni ija inapindika ili kuti, bambo?" Ndinati ili kunyumba. Akuti, "Ine ndinali nawo atatu. Atatu abwinobwino. Ndinakuonani pafoni ya mdzukulu wanga, ndinati munthu wamkulu ngati uyu sanganame."

Yobe anali ataimirira kale, akukonza kolala, mano onse panja. Akuti, "Pepani akuchimuna, nkhoswe yeniyeni ndi ine, izi zinali zongoyamba." Azakhali akuvomereza. Tadala anagwira kumaso. Ine ndinati basi, zathera pano, mwana wa mlongo wanga ndamuchititsa manyazi pamaso pa Chitala yense.

A Gawanani anakweza dzanja. "Inu khalani pansi, sindikudziwani. Ndikufuna yemweyu. Nkhoswe ndi munthu amene umadziwa kokamupeza. Uyu ndizimupeza. Ana akayambana ndibwera. Akapanda kuyambana ndibwerabe."

Atatero anamasula mano pantchafu paja, anawatsukuluza m'chikho cha thobwa, anawaponya m'kamwa. Kwapu! Ngati anabadwa nawo. Analuma tambala, anatafuna, anameza, misozi ikutsika. Kenako anang'amba kachikopa ndi mano omwewo n'kundipatsa. Ndinakamumunya, ndinameza chonse. Nthungululu! Ng'oma! Tadala akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Ukwati wamangidwa, nkhoswe ndine.

Kumbuyo ndinkamva mawu ngati a munthu ali m'madzi. Anali Che Amidu, milomo italowa m'kati, akukuwa kuti mano anga, mano anga. Palibe anamva, perekaniperekani anali atayamba.

A Gawanani anamaliza tambala yense. Anadya ndi mtedza. Analuma nzimbe ya mwana wa eni ake. Pamene ndimati ndiwakumbutse, lole inali itafika kale kumsewu, iwo ali pamwamba, akumwetulira dziko lonse.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Che Amidu anafika pakhonde akuchokera kumzikiti ku swala ya m'mawa, anakhala pampando wanga, osapereka moni. Anangoti, "Ku Chitala amadya mbewa."

Kabaza wa njinga yamoto. Fumbi, mabampu, msana wanga. Njira yonse ndikupemphera kuti a Gawanani ndiwapeze asanadzuke.

Ndinawapeza atadzuka kalekale. Ali pamkeka, anthu a m'mudzi atawazungulira, akuwabweretsera zinthu zoti alume. Pambali pali zitsononkho, makoko a nzimbe, ndi kamtengo kamene amapanira mbewa. Kopanda kanthu.

Kubweza sanavute. Akuti atopa, nsagwada zikuwawa. Akuti abwera Lachitatu tidzakambirane za atatu awo aja, ndiwakonzere pogona.

Manowo ndinawatsuka pamjigo. Ndinawatsukanso ndi sopo pa Salima. Ndinawatsukanso m'nyanja ndi mchenga. Ndinawapereka kwa eni ake ndi manja awiri, atakulungidwa m'kansalu koyera.

Akuti, "Munawapeza akudya chiyani?" Ndinati phala. Ndinafotokoza ndi phalalo: la mgaiwa, lamadzimadzi, lopanda ndi nsinjiro zomwe, mkuluyo akumwa mwaulemu ndi kasupuni. Ndinalifotokoza bwino ndithu.

Che Amidu sanawaike m'kamwa. Anawakweza kudzuwa, kuwatembenuza uku ndi uku monga amachitira ndi ukonde. Anatulutsa singano. Anatokosa pakati pa awiri akumbuyo, anasolola kanthu, anakaika pachikhatho panga.

"Phala la ku Chitala limamera ubweya?"

Awasiya pawindo. Akuti ndi anga tsopano, ndichite nawo zimene ndikufuna. Ine sandikwana.

Nankhoma atulutsa makapu awiri a phala. Tikumwa pakhonde, ine ndi Che Amidu, aliyense akuyang'ana kwake. Sakundiyankhula. Ndikuyankhula ndine.